Jekete Lobiriwira Pakati pa Chofunda

"Werenganso imeneyo, sindinamve bwino," anatero achemwali ake a Kalembera, uku akuchotsa phazi pa makina osokera.

Kalembera anayandikitsa foni kumaso n'kuwerenga mokweza ndemanga imene inali itangofika kumene: "Nkhani iyi yandikhudza kwambiri. Inenso ndili ndi malaya a malemu bambo anga m'sutikesi, ndimalephera kuwataya. Kodi mungandisokere chofunda ngati chimenechi?"

"Uwayankhe kuti tingathe, koma adikire. Manja ndili nawo awiri okha."

"Mwezi watha mumadandaula kuti makina achita dzimbiri. Lero mukudandaula manja?"

"Iwe, ntchito yako ndi kulemba, osati kundiyankha ine."

Onse awiri anaseka. Kachipinda kawo kogwiriramo ntchito kanali kothina, matumba a zovala zakale ali mbwee pansi, ulusi ukulendewera pa msomali, simbi ili pa zenera. Achemwaliwo anali telala waluso. Ankatenga zovala zimene anthu anasiya kuvala koma akuzikondabe, n'kuzidula zigambazigamba, n'kusoka chofunda chimodzi. Vuto linali loti anthu sankadziwa. Achemwaliwo anatsegula tsamba pa intaneti, koma ankangoikapo zithunzi ndi mawu omweomwewo akuti, "Zofunda zabwino zilipo." Amene ankayamikira anali msuweni wawo yekha, yemwenso sanagulepo.

Zinthu zinasintha Kalembera atabwera kudzakhala nawo, ofesi imene ankagwirako ntchito itatsekedwa. Dzina lakelo analitenga ali mwana chifukwa cholembalemba pa makoma, ndipo tsopano linamugwirira ntchito. Anaona msanga kuti munthu saima pa foni chifukwa cha nsalu, amaima chifukwa cha munthu mnzake. Choncho anayamba kulemba nkhani ya chofunda chilichonse: mwini zovala anali ndani, ankazivala kuti, chigamba ichi chinachokera pa chiyani. Ankalemba ziganizo zazifupi, ndipo asanatumize ankawerengera achemwali ake makina akulira. Makinawo akaima, ankadziwa kuti nkhani yagwira. Mumtima ankathokoza, chifukwa achemwali ake anamulandira wopanda kanthu, ndipo iyi inali njira yokhayo imene akanawabwezera.

Nkhani imene inaposa zonse inali ya amayi a majekete. Ankawatchula choncho chifukwa anabwera ndi thumba lodzaza majekete a malemu amuna awo. Anthu anaigawana, anaiyankha, ndipo mauthenga ofuna zofunda anayamba kugwa ngati mvula.

Foni ya achemwali inalira. Anayankha akumwetulira, koma kumwetulirako kunazilala pang'onopang'ono.

"Inde, amayi... Alipo... Chabwino, amayi, mutipeza."

"Ndani?" anafunsa Kalembera.

"Amayi a majekete. Ali m'basi, akubwera kuno. Akuti munthu amene analemba nkhani ija asachoke." Anamuyang'ana mng'ono wawoyo mwachidwi. "Kodi zija unalemba zoti jekete lobiriwira analivala pa ukwati wawo, anakuuza okha?"

Kalembera anawerama n'kuyamba kutola tizidutswa ta nsalu pansi.

"Ndikufunsa iwe. Unawaimbira?"

"Sindinawaimbire. Tsiku limene anadzatenga chofunda ine kunalibe. Inu munandiuza kuti alola kuti tilembe, komanso kuti ataona jekete lija pakati pa chofundacho anaima nthawi yaitali atagwira pakamwa. Ndiye ndinaganiza kuti..."

"Unaganiza! Ine pomva ukuwerenga ndimayesa wayankhula nawo. Nanga zoti analira misozi mpaka kunyowetsa chofunda?"

"Munthu akagwira pakamwa, achemwali..."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa." Achemwaliwo anaika sizasi pa tebulo mwamphamvu. "Tamvera, mng'ono wanga. Anthu amatipatsa zovala za abale awo amene anatisiya. Si nsanza zimenezi. Akamva kuti pano timapeka nkhani za maliro a eni, ndani adzabweretsenso thumba lake? Amayiwa akanena kuti ichotsedwe, uichotsa. Ndipo akapita kukanena poyera kuti tinanama, ine ndibwerera ku zithunzi zanga zopanda mawu, iwe ukalembe pa makoma."

Kalembera anatsegula nkhani ija n'kuiwerenganso. Ziganizo zimene dzulo ankanyadira nazo tsopano zinkamuyabwa ngati chitedze. Anasesa m'chipindamo, anapukuta mpando wa alendo, anaika madzi a tiyi pamoto, koma mtima sunakhale pansi.

Amayi a majekete anafika dzuwa lili pamutu. Anali aafupi, a magalasi, oyenda mwachangu ngati munthu amene sanazolowere kudikira. Analonjerana ndi achemwali, anakhala pampando, n'kuika chikwama pamiyendo.

"Wolemba ndi uti?"

"Ndine, amayi," anatero Kalembera ataima, manja ali kumbuyo.

"Khala pansi, mwanawe, sindine mphunzitsi. Tandiuza, pa ukwati wanga unalipo?"

"Ayi, amayi."

"Ndimati mwina unabisala kumbuyo kwa wojambula zithunzi, popeza waufotokoza bwino kuposa ine mwini wake." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Ukudziwa zimene wandichita? Alamu anga, achemwali a malemuwo, anandiimbira akuseka mpaka kutsamwa. Akuti, 'Alamu, kodi mchimwene wanga anakwatira atavala chule? Ife tikukumbuka suti yotuwa yobwereka.' Zimenezo n'zazing'ono. Anzanga a kutchalitchi anabwera kunyumba ndi nkhope zakugwa, n'kukhala nane tsiku lonse akundisisita pamsana, ine ndili ndi zochapa zanga. Koma chachikulu ndi mwana wanga wamwamuna. Wawerenga kuti amayi ake akulira misozi yonyowetsa zofunda. Ndiye akuti ndisakhalenso ndekha, abwera kumapeto kwa mwezi kudzanditenga, nyumba titseke. Nyumba yanga! Ndikakhale m'kachipinda kam'mwamba, ndizikaonera magalimoto pa zenera?"

Kalembera anamva manyazi akumutentha m'makutu. Iye ankaganiza za owerenga okha, osadziwa kuti mawu ake akafika pakhomo la munthu n'kuyamba kumusamutsa.

"Amayi, ndalakwa. Ndinalemba zimene sindinafunse. Ndiichotsa pompano."

"Safunsa anadya phula," anatero achemwali chapansipansi.

"Musiyeni, atelala, wamva kale." Amayiwo anavalanso magalasi. "Iwe mwanawe, ukachotsa ndiye kuti chiyani? Pa foni ichoka, koma m'mutu mwa mwana wanga ikhalabe. Kodi sukufuna kudziwa chimene ndinagwirira pakamwa?"

"Ndikufuna, amayi."

"Ndimabisa chiseko."

Achemwali anatembenuka pampando wawo. Kalembera anakweza maso.

"Jekete limene lija ndinadana nalo kuyambira tsiku limene linalowa m'nyumba mwanga," anapitiriza amayiwo. "Bambo anali dalaivala wa lole. Analigula pa kaunjika ali pa ulendo, n'kubwera nalo akunyada ngati apeza golide. Kubiriwira kwake, mwana amatha kulira. Ndinati, 'Bambo, ichi n'chiyani?' Akuti, 'Mayi, ili ndi jekete la anthu odziwa zinthu.' Basi, kuyambira pamenepo ku msonkhano wa makolo kusukulu, lomwelo. Kukaona wodwala kuchipatala, lomwelo. Ndikawagulira lina labwino, amalipachika n'kuvala chule wawo."

"Simunalibise?" anafunsa achemwali, atayamba kale kumwetulira.

"Kubisa kokha? Ndinaliika pansi pa matiresi, analipeza. Ndinayalira galu, analichapa okha n'kulisita. Kenako ndinati basi, ndathana nalo: ndinapatsa mlonda wa pa golosale, iwo ali pa ulendo. Pobwera anamupeza mlondayo atalivala pa geti. Mukudziwa chimene anachita? Anavula jekete latsopano limene ndinawagulira ine, n'kusinthana naye pomwepo! Anafika kunyumba akuimba mluzu, akuti, 'Mayi, taonani amene ndakumana naye pa msewu. Akuti anasochera.'"

Achemwali anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kalembera anayesa kudziletsa, koma zinakanika.

"Ndiye pobweretsa thumba lija kuno, ndinaliika pansi penipeni. Ndimati atelala alidula tizidutswa n'kutibisa m'mphepete. Pobwera kudzatenga, ndikupeza lili pakatikati, lonse lathunthu, thumba lake la pachifuwa likundiyang'ana!"

"Nsalu yake inali yolimba kuposa onse, amayi," anatero achemwali akupukuta m'maso. "Ndinaona kuti pakati m'pamene payenera."

"Ndikudziwa kulimba kwake, ndinalimbana nalo zaka zambiri. Ndinaima apo n'kunena mumtima kuti, bambo awa, ngakhale ali kumanda andipambanabe. Nanga ndikanaseka pamaso panu, mukanati mayi wamasiye uyu mutu wake uli bwino?"

Madzi a tiyi anali atawira, ndipo Kalembera anathira m'makapu. Ankaona poyera kuti nkhani imene anapeka inali ya munthu aliyense, pamene iyi inali ya bambo mmodzi yekha padziko lonse.

"Amayi," anatero mwaulemu, "mungandilole ndilembe imeneyi, inu muli pomwepa? Chiganizo chimene simuchifuna sichituluka m'chipinda muno."

"Nanga ukuyesa ndakwerera basi chiyani? Lemba. Ndikufuna mwana wanga awerenge kuti amayi ake akadali ndi mano oseka."

Kalembera anakhala pa thumba la zovala n'kuyamba. Ulendo uno anafunsa chilichonse. Lole inkanyamula chiyani? Galu uja anatani atalandidwa pogona? Mlondayo anakondwa kapena anadandaula? Amayiwo ankayankha akumwa tiyi, nthawi zina akuwonjezera zimene sanafunsidwe. Kalembera atamaliza kulemba, anaimirira n'kuwerenga mokweza:

"Jekete ili linathamangitsidwa pakhomo kangapo, koma nthawi zonse linkabwerera."

"Eya, pamenepo wayamba bwino," anatero amayiwo.

Kalembera anapitiriza. Atafika pamene analemba kuti "amuna awo okondedwa," amayiwo anakweza dzanja.

"Chotsa zimenezo. Lemba kuti 'amakani.'"

"Koma amayi, anthu angaganize kuti simunkawakonda."

"Amene anakhalapo pabanja amva. Munthu wosamukonda sulimbana naye za jekete, umangomusiya azioneka ngati chule."

Kalembera anasintha. Kumapeto anawonjezera mawu ochepa onena kuti nkhani yoyamba ija anaikometsera yekha osafunsa, ndipo iyi ndiyo ya mwini wake, yolembedwa iwo ali pomwepo. Achemwali atamva zimenezo anachita tsinya.

"Pamenepo sitithamangitsa makasitomala?"

"Mwina ena apita," anayankha Kalembera. "Koma amene abwere ndi matumba awo adziwe kuti sitidzalembanso za munthu iye asanamve ndi makutu ake. Ndikufuna likhale lamulo la pano, achemwali, ngati mukuvomera."

Achemwaliwo anatola sizasi yawo. "Lamulo labwino. Likanabwera sabata yatha, bwenzi amayi sanawononge tsiku lawo m'basi."

"Silinawonongeke," anatero amayiwo. "Kuyambira pamene bambo anatisiya, aliyense amandiyankhula motsitsa mawu ngati ndine wodwala. Palibe amene anandifunsapo za galu uja. Lero ndaseka ndi anthu."

Kalembera anagwada pambali pa mpando n'kuwapatsa foni. "Zikomo, amayi. Mukanatha kungotinyoza poyera, koma mwabwera nokha. Dinani apa, ituluke ndi chala chanu."

Amayiwo anayang'ana pamwamba pa magalasi, anasaka malowo, n'kudina mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Kenako anauza Kalembera kuti aitumizenso kwa mwana wawo uja, ndipo anadikira. Sipanapite nthawi, foni yawo inalira m'chikwama. Anaimvera patali ndi khutu, chifukwa mawu a mwanayo ankamveka chipinda chonse akuseka.

"Amayi, zoti munayalira galu jekete la adadi simunandiuzepo!"

"Unali mwana. Tsono wamva? Nyumba yanga sindichokamo. Ukafuna kubwera, ubwere kudzacheza, osati ndi galimoto yosamutsira." Anadula foni n'kuimirira, akukonza diresi lawo.

Ali pakhomo anatembenuka. "Atelala, kunyumba kwatsala mataye awo. Ndibwera nawo mwezi wamawa, mundisokere kapilo kakang'ono."

"Abwere, amayi."

Maso a Kalembera anawala, ndipo pakamwa panayamba kutseguka. Amayiwo anamuona.

"Iwe wolemba, ya mataye usandifunse. Imeneyo ndi yanga ndi iwo."

Kalembera anatseka pakamwa. Anasiya foni pa tebulo pafupi ndi ulusi, anawalandira chikwama, n'kuwaperekeza mpaka pokwerera basi. Njira yonse anacheza za kutentha kwa dzuwa.