Mauthenga a Mayi Halo

Mayi Halo anagwirapo ntchito zambiri moti adani awo ankati palibe imene ankaidziwa. Anagulitsapo matikiti a basi, analukapo tsitsi, kenako ankayankha mafoni pa hotela, kumene anatengera dzinalo. Atakula anapeza mpando umene anaukonda ndi mtima wonse, wa mlembi wa bungwe loyanjanitsa zipembedzo, ndipo sankafuna kuutaya zivute zitani.

Vuto linali masipika. Tchalitchi ndi mzikiti zinayang'anizana mumsewu wopapatiza, ndipo abusa ndi shehe sankapatsana ngakhale moni. Uthenga uliwonse unkadzera kwa Mayi Halo.

"Kawauzeni azimitse chiphokoso chawocho, ife si agonthi," ankatero abusa.

Mayiwo ankawoloka msewu n'kukanena kuti, "Abusa akupereka moni, akuti mawu anu ndi amphamvu."

"Ng'oma zawozo akaimbire ku bala," ankayankha shehe.

Kwa abusa zinkafika zoti shehe akuyamikira kwaya. Ku hotela mayiwo ankachita zomwezi ndi alendo olusa, ndipo palibe anafa nazo.

Koma mabodzawo anagwira ntchito mopitirira muyezo. Aliyense, poganiza kuti mnzake wagonja, anavomera kukumana mu ofesi ya bungwe. Mayi Halo anayala mipando ya pulasitiki.

"Ndamva kuti kwaya yathu imakusangalatsani," abusa anayamba monyada.

"Ine? Ndinati ndi ya ku bala. Si inu munati mawu anga ndi amphamvu?"

"Ndinati chiphokoso!"

Kenako onse awiri anatembenukira kwa mlembi wawo.

"Mayi, mwatiyesa ana?" anafunsa shehe.

"Ndimangofuna mukhale pansi limodzi. Nanga simwakhala?"

"Dzana matikiti, dzulo tsitsi, lero za Mulungu," abusa anatsonya. "Chipembedzo si saluni, mayi."

"Apo mwanena zoona, abusa," anatero shehe.

Chiyambire, aka kanali koyamba kuti avomerezane. Anagwirizananso kuti mayiwo asiye makiyi patebulo, ndipo anatuluka akuwanyoza mosinthana. Pakhomo, abusa anawagwirira shehe chitseko.

Mayi Halo anatuluka pambuyo pawo, chikwama kukhwapa, misozi yaukali ili m'maso. Anawapeza ataima pakati pa msewu, akuloza masipika aja, akukambirana mbali yoti awatembenuzire. Anadutsa pafupi penipeni, koma palibe amene anawatuma kanthu.