Amalume Ayankha pa Foni

Ercília ankagulitsa mbewu ya mbatata ya kachewere pamsika wa Tsangano pamene Cornélio anayamba kufikafika pabenchi lake. Cornélio ankakonza njinga zamoto tsidya lina la msewu, ndipo analibe munda woti n'kubzalamo mbatata yonse imene ankagulayo. Amayi a pamsika anazindikira msanga kuposa Ercília mwiniwake. Mvula isanathe mnyamatayo ananena zimene ankafuna. Ercília anavomera, koma anamuuza kuti nkhani yotere siithera pabenchi, atumize akuluakulu ake akaonane ndi amalume.

Amalumewo anali a Bonifácio, alongo awo a mayi ake, a Felicidade. Onse anabwerera limodzi kuchokera ku Ntcheu nkhondo itatha. A Felicidade anakhazikika kwawo ku Ntengo-Wambalame, pamene a Bonifácio anatsata ulimi wa fodya mpaka ku Furancungo, n'kukwatira komweko. Ngakhale ankakhala kutali, mbumba inali yawo, ndipo panalibe mwana wa mlongo wawo amene analowa m'banja iwo asanayankhe.

Anagwirizana kuti a kuchimuna adzabwere Loweruka lina kudzafunsira mbeta. Koma sabata yomweyo a Bonifácio anagwa panjinga yamoto pochokera kumunda, mwendo n'kuthyoka, ndipo kuchipatala anawamanga chikhakha. Kukwera minibasi ya chapa pamsewu wokumbikakumbika uja sikukanatheka. A Felicidade anaganiza zouza alendowo kuti adikire kaye, koma a Bonifácio anakana. Anati chathyoka ndi mwendo, pakamwa pali bwinobwino. Banjalo linali ndi gulu lake m'pulogalamu yochezera pa foni, momwe ankatumizirana zithunzi ndi mauthenga a maliro ndi a maukwati. Anati awaimbire momwemo, ayankha ali gone pabedi.

Loweruka lija dzuwa litakwera, a Julião, amalume ake a Cornélio, anafika atavala jekete yakuda, chipewa chili m'manja. Cornélio anawasiya pamsewu ndipo anatsala pansi pa mtengo ndi njinga yake, poti mwini nkhani sakhala nawo pa zokambirana zotere. Ercília nayenso sankayenera kuoneka. Anangoimba foni, n'kuiyedzamiritsa pakapu pamwamba pa mpando pakhonde, kenako n'kukakhala kuseri kwa chitseko komwe ankamva zonse.

Nkhope ya a Bonifácio inaonekera, onse anawomba m'manja kulonjerana. A Julião anakonza kukhosi n'kuyamba. Anali munthu wodziwa kuyala nkhani. Anayambira kwa makolo a Cornélio, anafotokoza za mudzi wawo ndi mpingo wawo, anazungulira bwinobwino mpaka kufika pa chimene anabwerera. Atamaliza anayang'ana pa foni. A Bonifácio anali atauma, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotsinzina. Patapita kanthawi chithunzicho chinagwedezeka ndipo mawu anatuluka.

"Kodi alendowo afika?"

A Felicidade anabisa nkhope m'chitenje. A Julião anamwetulira mwaulemu n'kuyambiranso, ulendo uno mwachidule. Yankho linabwera modukaduka ngati wailesi yotha mabatire.

"Ine... sindi... mwana ameneyu... ayi..."

Foni inalira kawiri n'kuduka.

A Julião anayang'ana chipewa chawo n'kuyamba kuchitembenuza. A Felicidade anayesa kunena kuti alongo awo sangayankhe choncho, koma mawu aja onse anali atawamva. Kuseri kwa chitseko Ercília anaona kuti manyazi samuthandiza. Anatuluka, anagwada patali, n'kupempha kuti aigwireko foniyo.

Choyamba anazimitsa vidiyo. Anafotokozera akuluakuluwo kuti chithunzi chimalemera, ndipo rede, ndiye kuti netiweki ya foni, ikakhala yofooka chimapondereza mawu. Nkhope ya amalume onse anali ataiona kale, chofunika chinali kumva zonena zawo. Anaimbanso. Mawu anamveka bwinoko, koma tsopano chilichonse chimene a Bonifácio ankanena chinkabwera kawiri, ndipo pakati pake panali kulira kwa likhweru kopweteka m'makutu.

Ercília anayang'ana mayina a anthu amene analowa pa kuimbako ndipo anapeza atatu m'malo mwa awiri.

"Tiya Isabel, muli kuti?"

A Isabel, akazi awo a a Bonifácio, anayankha kuti ali pomwepo m'mphepete mwa bedi. Analowa ndi foni yawo kuti pasawadutse kanthu, poti amuna awo akamafotokoza nkhani amadumpha zokoma. Ercília anawapempha kuti atuluke pa foni yawoyo azimvera pa ya amalume, chifukwa mafoni awiri akayandikana amabwezerana mawu. A Isabel anang'ung'udza koma anamvera, likhweru lija n'kutha. A Julião anaseka koyamba.

A Bonifácio anayamba kupepesa alendo, koma asanafike pa yankho foni inadukanso. Ercília anaiyang'anitsitsa ndipo anaona chimene ankachiona kawirikawiri kunyumbako osachilabadira. Dzina la rede pamwamba linkasintha. Nyumba yawo inali m'chigwa choyang'ana kumalire, ndiye foni inkati ikagwira ya kuno, kenako n'kulumphira ya ku Malawi, ndipo ikalumpha intaneti inkaduka. Analowa m'malo osinthira zinthu, anachotsa pa automático pomwe foni imadzisankhira yokha, n'kusankha yekha rede ya ku Mozambique kuti isasunthenso. Foni inakhazikika, koma timizere ta rede tinali tochepa kwambiri.

Anaganiza za mwala waukulu umene unali pamwamba pa munda wawo, kuseri kwa nyumba. Munthu akaima pamenepo ankaona antena ya mafoni ya kuposto, kumaofesi a boma, ili poteropo. Anauza mayi ake chapansipansi, ndipo a Felicidade anachita manyazi kuwauza alendo kuti akwere phiri. Koma a Julião anali atamva. Ananena kuti afunsirapo mbeta zambiri, pakhonde, pansi pa mtengo ngakhalenso m'tchalitchi, koma m'munda wa mbatata sanayambe. Anaima, anavala chipewa n'kunyamula mpando wawo okha.

Asananyamuke, Ercília anatumiza uthenga kwa a Isabel kuti nawonso awatulutse amalume m'chipinda, chifukwa malata ndi makoma zimatchinga rede. Pambuyo pake anamva kuti anawakhazika pampando n'kuwanyamula ndi mpando womwewo, a Isabel mbali ina, bambo woyandikana nawo nyumba mbali ina, mwendo wa chikhakha uli patsogolo, iwo akulamula kuti asawagunditse pachitseko.

Anakwera pakati pa mizere ya kachewere amene anali atachita maluwa. Ercília anali patsogolo foni ili m'mwamba, a Julião pakati ndi mpando pamutu, a Felicidade pambuyo ndi mphasa. Amayi amene ankapalira m'minda yoyandikana anaweramuka n'kutsamira makasu awo. Palibe anafunsa, koma palibenso amene anapitiriza kupalira. Pamwala paja kunali mphepo yozizira, ndipo timizere tinadzaza. Ercília anaika foni pamalo obisika ku mphepo, anaimba, n'kubwerera m'mbuyo kukakhala kuseri kwa chitsamba cha nandolo.

Mawu a a Bonifácio anatuluka ngati akhala pamwala pomwepo. Anamveka ndi tambala wa ku Furancungo yemwe. A Julião anafunsa mosamala kuti kodi anamva bwino kuti mbeta yakanidwa.

"Wakana ndani?" anatero a Bonifácio. "Ine ndimati sindikuona chifukwa chokanira. Mwana ameneyu si wamng'ono ayi, amadziwa chimene akufuna."

A Julião anavula chipewa n'kupukuta pachipumi. A Felicidade anawomba m'manja mwakachetechete, misozi ili m'maso. Koma a Bonifácio anali asanamalize. Poona kuti tsopano akumveka, anafunsa zonse zimene malume amafunsa: ngati mnyamatayo amapemphera, ngati amamwa, ngati sanasiye mkazi kwina, ndiponso kumene awiriwo adzamange nyumba. A Julião anayankha chimodzichimodzi, osabisa kuti Cornélio amapsa mtima msanga ntchito ikamuvuta, koma sachedwa kupepesa. A Bonifácio anati munthu wotero akhoza kukhala naye, woopsa ndi amene sapepesa. Atamva kuti amakonza njinga zamoto anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti yawo ili gone kuseri kwa nyumba, yapindika kuposa mwendo wawo, mkamwini adzayambire pamenepo.

Kenako anaitana Ercília. Iye anayankha ali kuchitsamba komweko, ndipo anamuuza kuti asendere pafupi.

"Iwe, wamufunadi munthu ameneyu?"

"Eya, amalume."

"Pronto, zatha. A Julião, mwana wanga mwamumva nokha."

Ku Furancungo a Isabel analulutira pafupi ndi foni mpaka inanjenjemera pamwala. Amayi a m'minda aja, amene anali atasendera pang'onopang'ono mpaka kufika m'malire mwa munda, anayankha nthungululuzo, ndipo zinamveka chigwa chonse. Anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike anthu akakolola, chikhakha chitachotsedwa, chifukwa a Bonifácio anati kuvina ndiye sangavinire pa foni. A Bonifácio ndi a Julião anacheza nthawi yaitali atamaliza za ukwati. Zinapezeka kuti a Julião nawonso anakhalako ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, ndipo anayamba kufunsana za anthu amene ankawadziwa, ena amoyo, ena anapita kale. Foni sinadukenso mpaka batire linayamba kudandaula.

Potsika a Felicidade anauza Ercília kuti akamuitane mnyamata uja adzadye. Anamupeza pansi pa mtengo atamasula tcheni cha njinga yake, chimene chinalibe vuto lililonse, zitsulo zili mbwee pakansalu. Nthungululu anazimva, koma sanadziwe ngati zinali zake kapena za kwina, ndipo anaopa kufunsa odutsa. Ataona nkhope ya Ercília anaimirira, n'kukhalanso pansi, n'kuimiriranso.

Anasiya zitsulozo pomwepo n'kumutsatira, akuyesa kupukuta manja pathalauza. Atafika pabwalo ananjuta patali, manja akuda ndi mafuta ali kumbuyo. A Felicidade anamuyang'ana kanthawi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni la madzi ofunda ndi sopo watsopano. Anamuuza kuti asambe bwinobwino, nkhuku yapsa kale, ndipo amalume ake akumudikira pamphasa.