Dzino Limodzi la Chingwe cha VGA

Chaka chimene makoleji ankamera mu Mzuzu ngati bowa, Luso anafika pa koleji ina yatsopano ku Msongwe kudzafuna ntchito yosamalira makompyuta. Malo anali amodzi, ofuna atatu. Awiri enawo, anyamata, anali ndi madigiri ndi mataye. Luso anali ndi kasatifiketi ka miyezi isanu ndi umodzi, ndi zala zotopa ndi kuluka tsitsi ku Zolozolo. Mantha anali nawo, tisabise.

Mkulu wa kolejiyo, a Boniface, sanataye nthawi ndi mafunso. Anawalowetsa m'kalasi, nayatsa pulojekita. Pakhoma panaoneka chithunzi chawo chomwe, nkhope yobiriwira ngati nkhwani, mkanjo wofiira utasanduka wakuda.

"Amene andibwezere nkhope yanga, ntchito ndi yake."

Woyamba anasanthula m'kompyuta mpaka thukuta, naweruza kuti ndi vayirasi. Wachiwiri analankhula Chingelezi chambiri, kenaka anati agule pulojekita ina, yolowa chingwe cha HDMI. Pakamwa pokha ndiye anakhoza.

Luso anagwada kuseri kwa tebulo, kufumbi kumene taye safikako. Anamasula tizomangira tiwiri ta chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu cholumikiza kompyuta ndi pulojekita, nachizula, nasuzumira mkati mwa mutuwo. Mano ake achitsulo amakhala m'mizere itatu, ndipo lapakona, lonyamula mtundu wofiira, linali litagona chammbali. Anatulutsa m'chikwama singano yosokera wivi nayamba kulidzutsa. Dzino lotere ukalifulumizira limathyoka, ndipo likanathyoka iye akanabwerera kukaluka tsitsi. Analidzutsa pang'onopang'ono, mpweya ataugwira.

Atalumikiza, mkanjo uja unafiira kuti psuu, nkhope nkukhalanso ya munthu.

"Yewo chomene, mama!" a Boniface anaomba m'manja. "Chinavuta n'chiyani?"

"Pali wina amachilowetsa chozondoka, bwana. Chikakana, amachikakamiza."

A Boniface anakanda m'mutu, nayang'ana kudenga, kenaka anaphulika nako kuseka.

"Munthuyo ndikumudziwa. Ndi yemwe ali pakhomayo." Anapisa m'thumba natulutsa mpukutu wa makiyi. "Lolemba seveni koloko. Makalasi alipo khumi ndi awiri, ndipo monsemo ndadutsamo ndi manja angawa."

Luso analandira makiyiwo ndi manja awiri, mtima ukuvina. Anali olemera bwino.