Galimoto ya Achimwene M'galasi

Malume ndi amene anandilakwira. Anatenga galimoto ya mawaya imene malemu achimwene anandipangira, n'kukaipereka ku nyumba yosungira zidole zakale osandifunsa.

Ndiye dzana ndinalota ndili m'nyumbamo, zidole zonse zili kuseri kwa galasi. Ng'ombe zadothi zinkapuma mpaka galasi kuchita nthunzi. Nguli inkazungulira popanda woikwapula, mpira wachikulunga ukununkha mapepala opsa. Galimoto yanga inali itakula ngati minibasi, achimwene ali pachiwongolero. Ndinamenya galasi ndi chibakera, dzanja langa n'kuyoyoka ngati dothi louma, koma osamva kuwawa. Achimwene anangoti, "Iwe, usadetse galasi la eni." Kaya ankaseka kaya ankalira, sindinaone bwino.

Ndinadzuka mutu utaima. Kodi akufuna ndikaitenge, kapena kumeneko akhala bwino? Nanga bwanji sanandiuze kuti ndikwere?

M'mawa ndinapeza malume akutsuka njinga, n'kuwafotokozera zonse. Iwo anati, "Mphwanga, kumene kuja ana ambiri aziiona."

Ndinati, "Mukanapereka njinga yanuyi, malume. Ine chotsala cha achimwene chinali chokhacho, ndipo wokaitenga ndinu."