Dzanja Lamanzere Pansi pa Tchalitchi

Mvula ya chaka chino inagumula pansi pa tchalitchi chakale cha ku Epworth, kufupi ndi Harare. Amisiri atachotsa simenti yosweka, anapeza chipinda cha miyala yosanjidwa popanda matope, ntchito ya anthu amene anakhalapo amishoni asanabwere.

Bambo Albert, amene anapuma ntchito ya njanji kalekale, ankachidziwa chipindacho. Ali mwana, tchalitchi chisanakuzidwe, anthu ochokera ku Nyasalande anafolera miyalayo ndi udzu n'kumapempheramo m'Chichewa. Mayi a Bambo Albert ndiwo ankazira pansi pake. Mayiwo anakamwalirira kwawo ku Ntcheu, osasiya chithunzi ngakhale mpango. Tsopano dzenjelo linali loti likwiriridwe tsiku lomwelo, ndipo Bambo Albert anaumirira kuti atsikiremo kaye.

"Bambo, mukathyoka mwendo abusa andidya wamoyo," anatero Jorge, mkulu wa amisiri, munthu wa ku Tete.

"Mwendowo ndi wanga. Iwe gwira makwerero."

Pansipo panali pozizira. Bambo Albert anagwada n'kuyamba kusesa mchenga ndi chipewa chawo, mpaka dothi lakuda linaonekera. Mizere ya zala inalipobe, yokhota ngati uta. Yonse inkapita chobwerera, mosiyana ndi mmene amayi ena amazirira. Mumpingo monse muja, wamanzere anali mayi awo okha.

Anatulutsa mpeni kuti adule kachigawo kamodzi, kokwana m'manja, kokhala ndi zala zonse. Atangokanyamula, kanafumbutuka. Anayesa pakona, anayesanso pafupi ndi khoma. Paliponse mizere inkathera m'manja mwawo.

"Mwapeza golide kumeneko?" Jorge anafunsa ali pamwamba.

"Ndapeza amayi."

Jorge anaseka, kenako anathamangira lole ya mchenga imene inkalowa pageti. Bambo Albert analeka kudula. Anawolera dothi lofumbutukalo m'chipewa n'kukwera okha, makwerero akugwedera.

Kunyumba kunali zii. Ana awo ali ku Joni, ndipo adzukulu akaimba foni amalankhula Chishona. Bambowo anathira madzi m'dothi lija, nagwada pakhonde. Chibadwire anali asanazirepo, poti ndi ntchito ya amayi. Anaviika dzanja lamanzere n'kukoka uta woyamba. Unatuluka wopindika, wonenepa mbali imodzi. Dothilo linangokwana malo aang'ono ngati mbale.

Anakhala pambali pake kudikira kuti paume, akuingitsa nkhuku za aneba.