Sangweji ya Apongozi

Ndinali kuika malasha amoto pa chivundikiro cha poto pamene apongozi anga anatulutsira chola chawo pakhonde. Anachikoka ndi dzanja limodzi, lina lili pa ndodo, phazi lomangidwa bandeji lili m'mwamba kuti lisagunde pansi.

"Amake Misozi," anatero akuyang'ana ku mtengo wa mango, poti chikwatiwire changa sanandiyang'anepo m'maso. "Nakamba na Bornface wa lole uja. Akatsiriza kupakira katundu pa msika azanipitira. Niyenda kwathu ku Shikabeta."

Ndinagwada pomwepo pafupi ndi mbaula. "Atate, siningakulekeni muyende pamene mwana wanu kulibe."

"Mwana wanga aziba njira ya kumunzi."

Amuna anga a Lewis anali ku Chongwe ku maphunziro a zaulimi. Pakhomo pathu ku Mpanshya, kuseri kwa sukulu imene ndinkaphunzitsa, tinatsala awiri, poti Misozi wathu anali kusukulu yogonera konko. Apongoziwo, a Donald Chilala, anabwera kwathu atadulidwa zala ziwiri za kuphazi chifukwa cha matenda a shuga. Dokotala sanapite m'mbali. Anati bala likapanda kupola, mwendo wonse upita. Analetsa buledi, mbatata, thobwa la munkoyo ndi tiyi wa shuga, ndipo nsima anati ichepe ndithu. Ndinkadziwa kuti akabwerera kumudzi, alongo awo adzawadyetsa zonsezo ndi mtima wabwino, mpaka mwendowo.

Ine ndinagwira lamulo la dokotala monga ndigwirira kalasi. Ndinkawaphikira ndiwo zokhazokha, lepu, mazira, nkhuku, n'kukagwada pakhomo la chipinda chawo, kusiya mbale, n'kuchoka. Mbalezo zinkabwerera zitangolawidwa. Munthu amene ankalima munda wa chimanga yekha anayamba kumanga lamba pa bowo lomaliza. Ndinkada nkhawa, komanso ndinkapsa mtima, chifukwa palibe mkazi amene amasangalala mbale yake ikamabwezedwa.

Mphunzitsi mnzanga Eliness, amene mayi ake ali ndi matenda omwewo, ndiye anandiphunzitsa za buledi wopanda ufa. Umasefa nsinjiro, n'kumenyeramo mazira, soda pang'ono ndi kamchere, kenako n'kuphika mu poto, moto pansi, moto pamwamba. Amatuluka wofiirira, wolemera, wonunkhira mtedza wokazinga. Ndinati pamenepa ndiye ndawapeza akuluwa, ndipo buledi ameneyo ndinamuphikiratu. Ndinagula nthuli yaikulu ya ng'ombe ya pantchafu, n'kuikhutiza mchere, adyo ndi tsabola, n'kuipsereza mbali zonse mu mafuta otentha ndisanaivundikire. Nyama imeneyo ndiyo inali pa mbaula m'mawa wa cholawo.

"Mudyeko chabe musanakwere," ndinawapempha. "Njira ni itali."

Anabwerera m'nyumba n'kukhala pa kampando kawo pabalaza.

Nyama itapsa ndinaisiya ipume kaye kuti madzi ake asathawe. Mtima wanga unali kumsewu, kumvetsera lole ya Bornface, koma nyama yowotcha siifulumizidwa. Mu poto munatsala mafuta ndi zakuda zomatirira pansi. Ndinakazingiramo anyezi mpaka anafewa, n'kuthira madzi pang'ono, n'kupala ndi supuni mpaka msuzi unada bii, n'kukhuthulira mu kabakuli. Nyama ndinaidula mopyapyala ngati masamba, pakati idakali yofewa. Ndinaiyala pakati pa magawo a buledi uja pamodzi ndi tomato ndi kabichi wosadzula, n'kudula sangweji iliyonse pawiri. Sindidzitama, koma fungo lake linaimitsa galu wa aneba pa mpanda.

Ndinagwada, n'kuika mbale ndi kabakuli patebulo laling'ono, madzi osamba m'manja pambali.

"Ichi n'chani?"

"Ni sangweji, atate. Buledi wake ni wa nshawa, mulibe unga. Muviika mu supu umu."

Ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Njala inalipo. Koma manja anawasiya pa ndodo.

"Imwe muzadya chani?"

"Nizadya ku kichini."

"Nsima."

Zinali zoona. Ine ndi a Lewis tinkadya nsima yathu kukhitchini titatseka chitseko, poganiza kuti tikuwachitira chifundo.

"Nimamvera mthiko ukugunda poto," anatero motsitsa mawu. "Makutu sanadule. Amake Misozi, imwe muphika bwino, sinikana. Koma pamene amake Lewis anadwala matenda awo otsiriza, tinawapatulira mbale yawo, kapu yawo, poto wawo. Kwathu munthu akayamba kuphikiridwa payekha, aziba kuti anthu amutsanzika kale. Ine chibadwire sininadyepo nekha. Kumunzi nizafa, nizibadi. Koma nizafa dzanja langa likugundana na la munthu mu mbale."

Mawu amenewo anandilasa. Miyezi yonseyo ndinkasakasaka chakudya chokoma, osadziwa kuti mbale iliyonse imene ndinkasiya pakhomo paja inkawauza kuti maliro ali pafupi. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo misozi inalengeza.

Hutala inalira kumsewu.

Mwamuna woti adye nawo panalibe. Panali ine, mpongozi wawo. Azimayi amene anandilangiza ndisanalowe m'banja anandiuza zambiri zimene ndinaziiwala, koma ichi chokha anachibwereza mpaka chinakhazikika: pamaso pa apongozi aamuna sutafuna, ndipo mbale yawo suipisa dzanja. Ndinkadziwanso zimene zikanakambidwa ku Shikabeta, kuti mkazi wa ku Lusaka uja alibe mwambo, wadya ndi atate a mwamuna wake. Mbiri yotere siitha, imatsata mpaka ana.

Ndinakoka beseni, n'kusamba m'manja. Ndinakhala pansi pa mkeka, miyendo nditapinda, n'kutambasula dzanja. Ndinatenga theka la sangweji, n'kuviika nsonga yake mu msuzi, n'kuluma.

"Amake Misozi!"

Ndinatafuna, maso ali pansi. Kukoma kwake sindinakumve, pakamwa panali gwa ndi manyazi. Nditameza ndinati, "Atate, ngati ni mlandu, mukaitane banja, nizagwada pamaso pawo. Koma kuchoka lelo poto mu nyumba muno ni umodzi. Chamene mudya imwe, ndiye chamene tizadya tonse. Na ba Lewis akabwera azachipeza tero."

Hutala inaliranso, ndipo Bornface anakuwa ali pa mpanda. "Ba shikulu, tiyeni! Dzuwa likwera!"

Ndinkangomva injini ya lole ikulilima panja ndi mpweya wa apongozi ukutuluka molemera. Ndinaganiza kuti ndawanyoza kotheratu, kuti tsopano anyamuka ndipo sadzapondanso pakhomo panga.

Kenako ndinamva madzi akuchita kapwakapwa mu beseni.

Apongozi ananyema chidutswa cha sangweji, n'kuyamba kuchiumba m'manja monga anazolowera moyo wawo wonse. Chinanyenyeka chonse, nyama n'kugwera pa mbale.

"Saumba, atate," ndinanong'ona. "Muviika chabe."

"Hm. Vya ku Lusaka."

Anatenga china, n'kuviika mpaka zala zinanyowa. Anatafuna nthawi yaitali. Anaviikanso kachiwiri asanalankhule, ndipo atalankhula mawu awo anatuluka amphamvu, a munthu wozolowera kuitana anzake kutsidya kwa munda.

"Bornface! Yenda, mwana. Nili pa chakudya."

Lole itachoka, anagwira ndodo, n'kutembenuza kampando kawo pang'onopang'ono mpaka nkhope inaloza kukhoma, kuti asandione ndikutafuna. Anadya chomwecho, atandifulatira. Patapita kanthawi ndinaona dzanja lawo likubwerera m'mbuyo, likufufuza patebulo. Linapeza kabakuli ka msuzi, n'kukakankhira mbali yanga.