Anamzeze Amene Hildah Anawerenga

Hildah anayamba kunama pa 14 Meyi, tsiku Lachitatu, ndipo chimene chinamunamitsa chinali chifundo. Izi zinenedwe poyambirira kuti wina asamuyese mayi wachinyengo. M'nyumba ya Bambo Pinto ku Bur Dubai anagwiramo ntchito zaka zitatu osasowetsa ngakhale supuni, ndipo mkuluyo ankakhulupirira mawu ake kuposa a wina aliyense mumzindamo.

Bambo Pinto anali Mmwenye wa ku Goa, wa zaka 78, amene anakalambira pa ntchito ya ukalaliki ku doko. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Angelina, anali ku Canada. Chimene chinawatsalira ndi mabuku akuda 23, buku limodzi chaka chimodzi. M'mawa uliwonse, miyendo ikanali bwino, ankakwera abra, kaboti koolotsa anthu pa Creek, mtsinje wa madzi amchere wodula mzindawo pakati, n'kukatsikira tsidya la Deira pamene zombo zamatabwa zimapakira mafiriji, matayala ndi matumba a mpunga. Kumeneko ankawerenga mbalame: akakowa oima pa zingwe za zombo, mphipi zakuda zouluka mondondozana kulowera kunyanja, koma makamaka anamzeze otuwa amene ankaswa m'ming'alu ya shedi yakale yosungiramo katundu. Pakhonde la nyumba yawo, pansanjika yachinayi, anali ndi bokosi loyaka babu lamagetsi usiku, m'kati mwake matileyi a mazira. Agulugufe ausiku ankatsata kuwalako n'kubisala m'matileyimo, ndipo kukacha mkuluyo ankawatchula mayina mmodzimmodzi, kuwalemba, n'kuwamasula.

Hildah atangofika kumene kuchokera ku Ntcheu ankaona ngati imeneyi ndi misala ya anthu okhuta. Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, kumagwadira njenjete! Kwawo wowerenga mbalame anali mwana wa legeni yekha, naye ankawerenga zimene wagwetsa.

Mu Epulo mtima wa Bambo Pinto unafooka. Anagona m'chipatala masiku khumi, ndipo anabwerako miyendo itatupa, akayenda masitepe atatu mpweya n'kubanika. Tsiku lotuluka, dokotala anaitanira Hildah m'kholido, Angelina akumvetsera pa foni, nanena kuti mtimawo watopa ndipo Khirisimasi mkuluyo sadzafika. Angelina analira, napempha kuti bambo ake asauzidwe. Hildah sanaone chachilendo pa pempho limenelo. Kwathu wodwala sitimusenzetsa uthenga wolemera. Ngakhale munthu atatsirizika kale, wachibale wakutali timamuimbira kuti matenda akula, abwere, ndipo zinazo amakazimvera pakhomo pamene pali anthu omugwira. Umo ndi mmene Hildah analeredwera, ndipo kwa iye umenewo ndiwo unali umunthu.

Sabata itatha, mkuluyo anamuitana pabedi namupatsa magalasi oonera patali.

“Pita ukandionere, mwana wanga,” anatero. “Lamulo ndi limodzi. Uima mphindi makumi awiri, ndipo undiuza zimene waona. Ukapanda kuona kanthu, udzanene ziro. Ziro nayonso timailemba.”

Kumapeto kwa mzere uliwonse m'bukumo kunkalembedwa zilembo za dzina la amene waona. Zaka 23 kunali F.P., mwini mabukuwo, yekhayekha. Tsopano kunayamba kuoneka H.K., Hildah Kachingwe, ndipo tisanamizane, zinamukomera. Dzina lake linali lisanalembedwepo pena paliponse mu Dubai kupatula pa pepala la ntchito ndi pa chiphaso.

Ntchitoyo inamulowanso m'magazi. Ankatsika m'bandakucha, mpweya uli wofunda kale, wonunkha mchere ndi dizilo, n'kukhala pa abra pakati pa azibambo opita ku ntchito akusinza. Anaphunzira kuwerenga anamzeze asanuasanu akamazungulira shediyo akulira mokuwa, ndipo anadziwa mng'alu umene munali ana chifukwa makolo ankalowamo kukhosi kutatupa ndi tizilombo. Akabwerako ankanyamula bokosi la pakhonde kupita nalo pabedi. Awiriwo ankatembenuza matileyi mosamala, iye akugwira, mkuluyo akutchula mayina. Tsiku lina anapeza gulugufe wobiriwira, wamkulu ngati chikhato cha mwana, ndipo Hildah yemwe uja wa misala ya anthu okhuta anakuwa mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma.

Ndiye linafika Lachitatu lija. Atatsika abra anapeza shedi yonse yakutidwa ndi ukonde wobiriwira, zitsulo zokwererapo zili mbali zonse, amisiri akumata ming'alu ndi simenti. Anamzeze asanu ndi awiri okha ndiwo ankawomba ukondewo, kubwerera, n'kudzauwombanso. M'kati mwa khoma ana ankalira. Hildah anathamangira kwa mmisiri wina, akuloza m'mwamba, koma uja anangokupiza dzanja nati, “Khalas, khalas,” kutanthauza kuti nkhani yatha, n'kupitiriza kusakaniza simenti yake.

Pobwerera anakhala pa abra mtima ukumuwawa. Bambo Pinto anali atakana chakudya dzulo lake, milomo itada. Munthu wotero ukamuuze kuti mbalame zake za zaka 23 azimatira m'khoma?

“Angati lero?” anafunsa mkuluyo Hildah asanavule n'komwe nsapato.

“Makumi anayi, bwana.”

Mkuluyo anamwetulira, nalemba 40, H.K., ndipo phala anamaliza mbale yonse. Hildah anaona mbaleyo nadziuza kuti wachita bwino.

Pofika Loweruka panalibe namzeze ngakhale mmodzi, ndipo m'khomamo munali zii. Koma bodza ukaliyamba limafuna kudyetsedwa m'mawa uliwonse. Hildah ankasintha manambala mwaluso, lero 37, mawa 42, mkuja 39. Akakowa ndi mphipi ankawerenga moona, ndipo agulugufe mkuluyo ankadzionera yekha. Mzere umodzi wokhawo ndiwo unali wabodza.

Panali chinthu chimodzi chimene sankachidziwa. Anamzeze amenewa sakhalitsa. Dzuwa la Juni likayamba kuotcha amanyamuka onse ndi ana awo, n'kudzabweranso chaka chikamatha. Zimenezi zinali m'mabuku akale aja, koma wantchito wolongosoka mabuku a bwana amangowapukuta fumbi, sawatsegula. Choncho Juni anafika, masiku anapita, anamzeze a Hildah ali pomwepo.

Lachinayi pa 12 Juni Hildah atanena kuti 36, Bambo Pinto anamutuma kuti atsitse mabuku onse. Anawayala pabedi, akutsegula limodzilimodzi.

“Taona apa. Taonanso apa. Zaka zonsezi, pakadutsa pa 3 Juni sindinaonepo oposa awiri. Iwe ukuona makumi atatu ndi mphambu!” Maso awo ankawala ngati a munthu wochira. “Mwina aswa kachiwiri. Palibe amene analembapo zotere pa Creek. Ndiwauza anzanga olemba mbalame, ndipo dzina lako lidzakhala patsogolo. Koma chinthu chachilendo chimafuna mboni ziwiri. Lamlungu ndikupita kukaona ndekha.”

Hildah anayesa kuwaletsa. Ananena za kutentha, za dokotala, za Angelina, koma mkuluyo anali atagwira kale foni kuimbira Hamisi, Mmalawi wa ku Machinga amene ankayendetsa galimoto ya banja lina la pansanjika yachiwiri.

Masana ake Hildah anamupeza Hamisi pansi, akupukuta galimoto pamthunzi, namuululira zonse.

“Achimwene, mukane chonde. Munene kuti galimoto ili ku service.”

“Chemwali, mukufuna bodza lanu libereke lina pakamwa panga?” Hamisi anafinya kansanza kake. “Wallahi, madala aja sindingawanamize. Andiimbira okha, ati five o'clock sharp, ndipo boss wanga wavomera kale. Inuyo kawauzeni, khalas.”

“Angafe, achimwene. Mtima wawo uja ndi wa pepala.”

“Nanga akakaona ndi maso awo ndiye sangafe? Kwathu tikati matenda akula, munthu amamva yekha chimene tikunena. Awa si akwathu, chemwali. Mukati forty, iwo amamva forty.”

Mawu amenewo anamulasa chifukwa anali oona. Anali ndi masiku awiri, ndipo kanayi konse anaima pakhomo la chipinda mawu ali okonzeka. Koma mkuluyo anali akudya, akuseka, akufunsa ngati shati yawo yoyera yasitidwa. Hildah ankangobwerera kukhitchini. Loweruka m'mawa ananenanso kuti 35.

Lamlungu ananyamuka kusanayere bwino, njinga ya odwala ili kumbuyo kwa galimoto, Bambo Pinto ali kutsogolo atavala chipewa, buku lili pamiyendo. Akuoloka mlatho, Hildah anayesa komaliza, ndipo ngakhale apo anayesa mwachikwathu.

“Bwana, mwina lero auluka ochepa. Masiku ano akhala akuchepa.”

“Ngakhale khumi, mwana wanga. Khumi andikwanira.”

Hamisi anamuyang'ana Hildah pagalasi.

Atafika ku doko, Hildah anawakankha Bambo Pinto pa njinga ija pakati pa milu ya makatoni ndi matayala mpaka pamalo pawo pakale, pafupi ndi chitsulo chomangirira zombo. Ukonde uja unali utachotsedwa. Shediyo inali itapakidwa penti yoyera, yosalala kuyambira pansi mpaka kudenga, popanda ngakhale kamng'alu kolowa chala. Kumwamba kunali khwangwala mmodzi.

Bambo Pinto anayang'ana khomalo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana wotchi yawo, nakweza magalasi, nayamba mphindi makumi awiri monga mwa lamulo lawo. Hildah sanaonepo mphindi zazitali ngati zimenezo. Amalinyero ankasamba m'zidebe pamwamba pa zombo, abra inkadutsa, thukuta linkatsika kumsana kwake. Hamisi anati akukagula tiyi, napita kutali kuposa kumene tiyi amagulitsidwa. Nthawi itakwana mkuluyo anatsegula buku nalemba ziro, kumapeto kwake F.P.

“Kuyambira liti?” anafunsa, osatembenuka.

Hildah anagwada pa simenti yofundayo, monga anagwadira akuluakulu moyo wake wonse.

“Pa 14 Meyi, bwana. Ndinapeza akumata. Munali musanadye, ndinaopa kuti mtima wanu sungathe. Kwathu wodwala sitimuuza zoipa. Pepani, ndakulakwirani.”

“Ana anali m'kati?”

“Anali m'kati. Ndinkawamva masiku atatu.”

Mkuluyo anatseka maso. Hildah akanakonda akanamukalipira, koma analankhula motsitsa, akupumira pakati pa mawu.

“Ndikudziwa anthu pa doko lino. Ukanandiuza tsiku lomwelo ndikanaimba foni. Mwina akanandimvera, mwina ayi, koma milungu iwiri yokha inali yokwanira kuti ana aja auluke.”

Zimenezi Hildah anali asanaziganizepo, ndipo zinamupweteka kuposa manyazi onse. Iye ankayesa kuti akuteteza munthu wopanda mphamvu, pamene munthuyo ndiye yekha amene akanachitapo kanthu. Misozi inatsika, osaipukuta.

Bambo Pinto anabwerera m'mbuyo m'bukumo mpaka pa 14 Meyi, nayamba kukhwatcha. Mizere inkakhota, koma sanalumphe tsiku. Atatha anamzeze, cholembera chinapita pa mzere wa akakowa.

“Amenewo ndi oona, bwana,” anatero Hildah. “Akakowa ndi mphipi ndinkawerenga moona, Mulungu ndi mboni.”

“Ndikuganiza kuti ndi oona,” anayankha. “Koma ndidziwa bwanji?”

Anakhwatcha onse, masiku 32, kenako anabwereranso m'mbuyo mpaka mu Epulo, tsiku loyamba limene anamutuma, pamene zonse zinali zoona. Paliponse pamene panali H.K. panadutsa mzere. Panatsala agulugufe okha, amene anawaona ndi maso awo. Hildah anayang'ana dzina lake likufafanizika tsamba ndi tsamba.

Atatseka buku, mkuluyo anayang'ana madzi. Dzuwa linali litatuluka pamwamba pa nyumba za Deira, ndipo anayenera kuti abwerere lisanakule. Hildah anati adzuke kuti agwire njinga, koma dzanja lotupa linamugwira paphewa.

“Khala kaye. Tsopano ndadziwa mmene umawerengera ukamaopa kuti ndifa. Tsiku lotuluka m'chipatala dokotala anakuitanira m'kholido. Unabwerako maso ali ofiira, nundiuza kuti wati ndizimwa mankhwala ndipo ndikhala bwino. Ananena chiyani?”

Hildah anaganiza za Angelina akulira pa foni. Anaganiza za amayi ake, amene akanamuuza kuti mwana wamakhalidwe sayankha funso lotero. Mawu ofewa anali pafupi, ankawadziwa onse, ndipo akanatuluka okha akanangowalola. Anakweza maso nayang'ana nkhope ya mkuluyo, chinthu chimene kwathu wamng'ono sachita kwa wamkulu.

“Anati mtima watopa, bwana. Anati Khirisimasi simufika.”

Bambo Pinto sanadzidzimuke. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, dzanja likadali paphewa pake.

“Imeneyo ndaikhulupirira,” anatero.